Asanayende, akhale kaye ndi moyo

Pakapita miyezi ingapo, pa mafoni athu pamafika kanema wa mtundu umodzimodzi. Munthu amene anafa miyendo kalekale waimirira m'chipinda choyera mbee ku Ulaya kapena ku America, tizipangizo tili m'mutu, madokotala akuwomba m'manja. Mu 2023 anali Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands. Akatswiri a ku Lausanne, Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch, anamuika zipangizo zotenga uthenga mu ubongo n'kuulumphitsa pamene msana unavulala, mpaka bamboyo anayenda ndi kukwera masitepe. Mu Januwale 2024 inali kampani ya Neuralink ya Elon Musk, mwana wobadwira ku Pretoria, itaika kachipangizo mu ubongo wa mnyamata wofa manja ndi miyendo kuti azilamula kompyuta ndi maganizo okha. Timatumizirana makanemawa pa WhatsApp, wina n'kulemba kuti azungu afika patali, wina kuti Mulungu ndi wamkulu.

Ine ndikawaona ndimapsa mtima. Oskam ndilibe naye mlandu, ayende ndithu, ndipo amene anamuyendetsa agwira ntchito yaikulu. Chondipsetsa mtima ndi bodza limene makanemawa atizoloweretsa, lakuti vuto la munthu wofa ziwalo ndi kusayenda basi, ndipo mankhwala ake ali m'njira kuchokera kutsidya la nyanja. Muno mu Cape Town munthu wothyoka msana samwalira ndi kusayenda. Chimamupha ndi chilonda cha pathako, mkodzo wobwerera ku impso, ndi chibayo. Njira zopewera zitatuzi zinadziwika agogo athu akali anyamata. Kafukufuku wa matenda a ubongo ndi mitsempha amene amadumpha zimenezi n'kuthamangira zozizwitsa wasankha kale anthu ake, ndipo ife sitili m'gulumo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi, chifukwa ambiri a ife sitinauzidwepo m'chilankhulo chathu. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wofewa, wonenepa ngati chala chaching'ono, wochokera ku ubongo. Uthenga wa pakati pa mutu ndi thupi umadzera mmenemo: wakuti mwendo uponde, wakuti phazi lapsa, wakuti chikhodzodzo chadzaza. Mtsemphawu ukaduka kapena kufinyika, thupi la kumunsi kwa balalo limaleka kumva ndi kumvera. Bala likakhala cha pakati pa msana kapena m'chiuno, imafa miyendo. Likakhala pakhosi amafanso manja, ndipo kupuma ndi kukhosomola kumavuta. Khungu likang'ambika limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma mtsempha umenewu ukaduka sumeranso pawokha. Apa m'pamene akatswiri a dziko lonse akhala akuswerapo mitu kwa zaka zoposa 100.

Tsono pali zimene kanema saonetsa. Inu ndi ine timatembenuka tokha tili m'tulo chifukwa thupi limatiuza kuti mbali iyi yatopa. Wofa ziwalo sauzidwa kanthu. Akagonera malo amodzi maola angapo, magazi amaleka kufika pamnofu wopanikizika pakati pa fupa ndi mphasa. Mnofuwo umayamba kufera m'kati, ndipo pamene achibale akuona kadontho kakuda pakhungu, pansi pake pali kale dzenje. Chikhodzodzo nacho sichitulutsa mkodzo wonse. Wotsalawo umaswa tizilombo, tizilomboto timakwera ku impso, kenako m'magazi. Munthu amene anapulumuka chipolopolo amapita ndi malungo a masiku atatu, ndipo pamaliro timati anadwala mwadzidzidzi.

Izi si nkhambakamwa. Zinawerengedwa muno momwe. Conran Joseph ndi anzake anatsata kwa chaka chathunthu, kuchokera mu 2013 kufika mu 2014, anthu onse akuluakulu amene anafika m'zipatala za boma za Cape Town atavulala mtsempha wa msana. Anapeza anthu 147, kutanthauza pafupifupi 76 pa anthu miliyoni imodzi, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse. Ambiri anali amuna achinyamata. M'maiko olemera anthu amathyoka msana makamaka pa ngozi za pamsewu kapena pogwa. Kuno, pafupifupi 6 mwa 10 alionse anachita kuwomberedwa, kubayidwa kapena kumenyedwa. Pafupifupi 3 mwa 10 anatuluka zilonda za pogonera akali m'chipatala momwemo. Ofufuza atawalondola patapita zaka zinayi, anapeza kuti mwa amene mbiri yawo inadziwika, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali atamwalira. Anyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30, mumzinda umene mu Disembala 1967 Christiaan Barnard anachotsa mtima wa munthu n'kuuika mwa mnzake pa Groote Schuur.

Kodi imfa zimenezi zikudikira kachipangizo ka mu ubongo? Ayi. Mu 1944 dokotala Ludwig Guttmann, Myuda amene anathawa Hitler, anatsegula chipinda cha ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Masiku amenewo asilikali othyoka msana ankangowagoneka kudikira imfa, ndipo ambiri sankatha chaka. Guttmann analibe mankhwala omeretsa mtsempha. Analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, mkodzo uzichotsedwa mwaukhondo, ndipo munthu akangopeza mphamvu adzuke, aphunzire ntchito, achite masewera. Anthu analeka kufa. Mpikisano woponya mivi umene anayambitsa mu 1948 ndi umene unabala masewera a Paralympics. Mu 1972 Jack Lapides wa ku America anaonetsa kuti munthu angathe kudzichotsa yekha mkodzo kunyumba ndi kapaipi kotsukidwa bwino, kangapo patsiku, impso zake n'kutetezeka. Nzeru zimenezi zakalamba. Komabe ngakhale Christopher Reeve, katswiri wa mafilimu amene anasonkhanitsa chuma chambiri chofufuzira mankhwala a msana, anamwalira mu 2004 akulimbana ndi matenda ochokera pa chilonda cha pogonera. Ngati chilonda chinapeza munthu wa anamwino usana ndi usiku, nanga wa m'chisakasa cha malata ku Dunoon?

Cape Town ili ndi phunziro lake lowawa kuposa apa. Ku Pinelands kunali chipatala cha Conradie, chotchuka pa za msana. Dokotala wa kumeneko, Dennis Newton, anaunika osewera mpira wa rugby amene mafupa a khosi anaguluka n'kupanikiza mtsempha. Mwa anthu 32 amene anafika atafa ziwalo kotheratu, 8 anawabwezeretsa mafupa m'malo mwake maola anayi asanakwane, ndipo 5 mwa iwo anachira n'kubwerera mwakale. Mwa 24 amene anathandizidwa maola anayi atadutsa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachira kotheratu. Chithandizo chake si cha makina odabwitsa. Amamangirira zitsulo kumutu n'kukoka khosi pang'onopang'ono ndi zolemera mpaka fupa litabwerera. Mtsempha umene wangopanikizika, osaduka, uli ngati dzanja lopanidwa ndi chitseko: mukatsegula msanga limatsitsimuka, mukachedwa limafa.

Pa 23 Malichi 2002 mnyamata wa zaka 17 anavulala khosi akusewera rugby ku Mamre, kumpoto kwa mzinda. Anamutengera ku chipatala cha Wesfleur ku Atlantis, kuchoka apo ku Groote Schuur, ndipo anakafika ku Conradie pakati pa usiku. Khosi analikonza m'bandakucha, maola oposa 12 atadutsa. Sanayendenso. Mlandu wake, wodziwika ndi dzina lakuti Oppelt, unayenda m'makhothi mpaka mu Okutobala 2015 pamene khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti unduna wa zaumoyo wa Western Cape unalakwa pomuchedwetsa. Zaka 13 kufunafuna chilungamo pa nkhani ya maola anayi. Ndikudziwa kuti madokotala ena anatsutsa Newton, amati anthu 32 ndi ochepa, ndiponso khosi loguluka pa rugby ndi losiyana ndi msana wobooledwa ndi chipolopolo. Akunena zoona. Koma ndiye funso loyenera ndalama ndi limenelo: ndani amapindula ndi changu, changu chake n'chotani, ndipo ambulansi ya ku Atlantis, ya ku Khayelitsha, ya ku Mangochi ingachikwanitse bwanji? Palibe kachipangizo ka mu ubongo kamene kanabwezerapo munthu thupi lake lonse ngati mmene anachirira anyamata asanu aja.

Amene amagwira ntchito m'malabotale ali ndi yankho, ndipo ndi lolemera. Amati sayansi siyenda ndi njala ya lero. Katemera wa poliyo anachokera kwa anthu amene anatha zaka akusuzumira tizilombo, pamene ena ankati ndalamazo zikanagula ndodo ndi zitsulo za m'miyendo. Amatinso chinthu chimayamba chodula kenako n'kutsika mtengo, monga anachitira mankhwala a ARV. Ndikuvomera, ndipo sindikupempha kuti labotale iliyonse itsekedwe. Koma amene amatchula ma ARV azikumbukira nkhani yonse. Mtengo wake sunatsike wokha. Anautsitsa ndi anthu odwala amene anaguba m'misewu, a bungwe la Treatment Action Campaign limene linabadwira muno mu Cape Town mu 1998, ndi amayi a ku Khayelitsha amene anatsimikizira dziko kuti wosauka angathe kumwa mankhwala pa nthawi yake. Pa matenda a mitsempha mitengo ikuyankhula yokha. Mankhwala a Zolgensma, a ana obadwa ndi nthenda yofooketsa minofu, anatuluka mu 2019 pa mtengo woposa madola 2 miliyoni jakisoni mmodzi. Kuuza mayi wa ku Philippi kuti adekhe, zidzamufika, n'kumunyoza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndipo kafukufuku wabwino ndikumudziwa maonekedwe ake, chifukwa ali pomwepa. Pa Groote Schuur, pamene University of Cape Town inatsegula nyumba ya Neuroscience Institute mu 2020, Jeannine Heckmann ndi anzake akhala akuona odwala myasthenia gravis, nthenda imene chitetezo cha thupi chimatseka njira ya uthenga pakati pa mtsempha ndi mnofu. Anazindikira kuti ena mwa odwala a mtundu wa chiafirika amafa minofu ya maso, zikope n'kugwa, ndipo mankhwala olembedwa m'mabuku a ku Ulaya sawathandiza mokwanira. Sanati odwalawo ndi ovuta. Anapita kukafufuza m'magazi ndi m'chibadwa chawo. Gulu lomwelo likufufuzanso nthenda yofoola thupi lonse imene inapha osewera rugby Tinus Linee mu 2014 ndi Joost van der Westhuizen mu 2017, pofuna kudziwa mmene imakhalira mwa anthu a muno, popeza zambiri zodziwika za nthendayi zinachokera kwa azungu. Imeneyi ndi sayansi yozama, ya makina odula, koma funso lake linabadwira pabenchi la odwala. Ku Blantyre nakonso, Terrie Taylor, Karl Seydel ndi anzawo a pa Queen Elizabeth anajambula mitu ya ana okomoka ndi malungo, ndipo mu 2015 anaonetsa kuti chimene chimawapha ndi kutupa kwa ubongo. Funso linachokera m'wodi ya ana. Nkhondo yanga ili pa amene amasankha mafunso, ndi kumene amayang'ana powasankha.

Ku Newlands ofufuza anayesapo chigoba cha makina chovala m'miyendo, choyendetsa munthu wofa ziwalo, ndipo anapeza kuti kuimirira ndi kuyenda nacho kuli ndi ubwino wake m'thupi. Zikomo. Koma munthuyo akavula chigobacho amabwerera kuti? Ku Cape Flats nthaka ndi mchenga, mateyala a njinga ya olumala amatitimira. Tinjira ta pakati pa zisakasa n'topapatiza. Chimbudzi n'cha anthu ambiri, chili patali, khomo lake njinga silowa. Mpopi uli panja, ndipo mu Juni ndi Julayi mvula imalowa m'nyumba. Munthu amachoka ku Western Cape Rehabilitation Centre ku Mitchells Plain ataphunzitsidwa bwino kudzisamalira, n'kukapeza kuti zonse anaphunzirazo zimafuna madzi, sopo, bedi ndi munthu womutembenuza usiku, pamene munthuyo ndi mayi amene akudzuka 4 koloko kukagwira ntchito m'nyumba ya ena. Apa pali mafunso a sayansi eni eni. Kodi kapaipi ka mkodzo kangatsukidwe bwanji, kangati, m'nyumba yopanda mpopi? Ndi khushoni yanji yotsika mtengo imene imateteza thako pa kutentha kwa Febuluwale m'nyumba ya malata? Kodi chilonda chimayamba kuoneka bwanji pakhungu lakuda, poti mabuku amati muyang'ane kufiira? Mafunso amenewa sapatsa munthu mphotho ku Stockholm, koma ndi amene akanachepetsa maliro aja a mmodzi mwa anayi.

Palinso chinthu chimene akatswiri a ubongo amachiona ngati si chawo. Ngati 6 mwa 10 akufa ziwalo ndi mfuti ndi mpeni, ndiye kuti choyambitsa chachikulu cha kufa ziwalo kwa ovulala mu Cape Town ndi chiwawa. Dokotala wa malungo amaphunzira udzudzu. Dokotala wa msana muno ayenera kuyankhulapo za mfuti, za mowa, za misewu yopanda magetsi, ndipo ayankhule mokweza pamaso pa nduna. A rugby anachita zimenezi pa masewera awo. Chris Burger atamwalira ndi bala la khosi mu 1980 panakhazikitsidwa thumba lothandiza osewera ovulala, ndipo kuyambira mu 2009 pulogalamu ya BokSmart imaphunzitsa makochi ndi oyimbira kupewa ngozi zotere. N'zoyamikika. Koma mnyamata wowomberedwa akuchokera kuntchito ku Nyanga alibe thumba lotchedwa dzina lake. Anthu amayamba amufunsa kaye ngati sanali wa zigawenga.

Tsopano ndiyang'ane kwathu, chifukwa mlandu suli kwa ovala makoti oyera okha. Amalawi tadzaza mumzinda muno, ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu, ku Dunoon, ku Capricorn. Timadula mitengo m'mayadi a anthu, timakwera madenga, timapalasa njinga m'bandakucha m'mbali mwa misewu ya magalimoto othamanga. Ntchito zothyola msana ndi zathu. Malamulo a dziko lino, pa ndime 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo sanena za pasipoti. Mu 2020 khothi lalikulu, pa mlandu wa Mahlangu, linagamula kuti ogwira ntchito m'nyumba za anthu nawonso ali ndi ufulu wa chipukuta misozi akavulala pantchito. Ndi angati a ife amadziwa? Koma ndalama ya mwezi ndi mwezi ya olumala imapita kwa nzika, kwa okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka. Mmalawi wamba akatuluka m'chipatala alibe ntchito, alibe ndalama ya lendi, alibe dzina m'kaundula aliyense.

Ndiye ife abale ake timatani? Tili ndi luso limodzi losakanika, lotumiza mtembo kumudzi. Uthenga ukangolowa pa gulu, masiku ochepa ndalama zakwana, bokosi lanyamuka kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ndinaonapo gulu lomwelo likulephera kusonkha ndalama ya khushoni ndi matiresi a mnzathu amene anagwa mumtengo akali moyo. Tinagwirizana zomukweza basi kuti akaonedwe ndi makolo. Masiku atatu atakhala pampando umodzi, munthu wosamva thako lake. Anafika kumudzi ndi chilonda chimene ananyamuka alibe, ndipo chipepeso tinapereka mowolowa manja. Timalemekeza maliro kuposa odwala, ndipo tikamanena za azungu osatiganizira tizikumbukiranso zimenezi.

Pamene sayansi yasiya mpata, amalowapo ena. Sing'anga amati analodzedwa ndi achibale ansanje chifukwa anamanga nyumba ya malata kumudzi. Mneneri amamuimiritsa pamaso pa kamera, anyamata awiri atamugwira m'khwapa, ndipo akagwa amati chikhulupiriro chachepa. Wamalonda amabwera ndi timapaketi ta ufa tolembedwa stem cell, mtengo wake wa malipiro a sabata yathunthu. Ndinene mosapsatira: palibe ufa wakumwa umene ungalumikize mtsempha wa msana. Onsewa amagulitsa katundu mmodzi ndi makanema aja, lonjezo lakuti udzayenda, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amavundukula nsalu kuona kumsana kwa wodwala. Ifenso timachita manyazi kutchula mkodzo ndi chimbudzi pamaso pa apongozi, mwamuna amabisa kuti akudzinyowetsa, mpaka malungo amupeza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Choipitsitsa n'chakuti kufa ziwalo kwina kumachizika, koma timachedwa nako kwa asing'anga. Chifuwa chachikulu, chimene chafala kwambiri ku Western Cape ndi kwathu komwe, sichikhala m'mapapo mokha. Chimadya mafupa a msana, mafinya n'kupanikiza mtsempha pang'onopang'ono. Munthu amamva msana kuwawa miyezi, amaonda, amatuluka thukuta usiku, kenako miyendo imalemera. Akafika msanga, mankhwala a TB, amene m'zipatala za boma ndi aulere, nthawi zina pamodzi ndi opaleshoni, amamudzutsa n'kuyendanso. Uthenga umenewu ndi waufupi, ungakwane pa wailesi mphindi imodzi. Ndi anthu angati anaumvapo m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chixhosa?

Dera lathu lili ndi mbiri yake ya kufa ziwalo imene dziko silijambula. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Madokotala monga Julie Cliff ndi Hans Rosling analondola nthendayi, yotchedwa konzo, mpaka anaipeza mumphika: chinangwa chowawa chodyedwa chisanavuukidwe mokwanira, pa nthawi imene ndiwo zopatsa thanzi kunalibe. Konzo alibe mankhwala, koma amapeweka ndi madzi ndi nthawi. Mmalawi mnzathu Linley Chiwona-Karltun anakhala pansi ndi amayi a ku Nkhata Bay n'kuonetsa kuti iwo amadziwa bwino kusiyanitsa chinangwa chowawa ndi chozizira, ndipo kuviika kwawo kwa kondowole kumachotsa poizoni. Kumeneko ndiye kufufuza: kufunsa mayi amene akudziwa. Poliyo nayenso tisamuiwale. Africa italengezedwa mu 2020 kuti yathana ndi poliyo wa m'chilengedwe, mu Febuluwale 2022 Malawi inalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala ndi kachilombo kofanana ndi ka ku Pakistan, ndipo chaka chomwecho ana ena anapezeka ku Tete. Madontho awiri m'kamwa mwa mwana ateteza miyendo yambiri kuposa makina onse a ku Lausanne.

Ndiye ndikufuna chiyani? Ndikufuna kuti aliyense wovulala msana alembedwe ndi kulondoledwa akatuluka m'chipatala, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, chifukwa wosawerengedwa amafa mosadziwika ndipo imfa yake siphunzitsa munthu. Ndikufuna kuti opereka ndalama za kafukufuku, a boma ndi akunja omwe, aike gawo looneka pa zilonda, chikhodzodzo, ululu, njinga zoyenda pamchenga ndi changu cha ambulansi, ndipo wofufuza zimenezi alemekezedwe mofanana ndi wosuzumira m'chibadwa. Pa komiti yosankha mafunso pakhale anthu a pa njinga, monga a bungwe la QuadPara Association of South Africa, ndipo mawu awo azimveka posankha, asamangoitanidwa kudzajambulitsa. Kumaiko kumene anafunsidwapo, ambiri ofa ziwalo anaika patsogolo manja, chikhodzodzo, matumbo ndi moyo wa m'banja, kuyenda kunabwera pambuyo. Afunsidwenso kuno.

Ndikufunanso kuti zopezeka zibwerere kwa eni ake m'chilankhulo chawo. Anthu 147 aja anapereka mbiri ya matupi awo, ndipo zotsatira zake zili m'Chingerezi cha madokotala chimene ngakhale mphunzitsi amachita kuchisinkhasinkha. Wofufuza aliyense amene watenga magazi kapena nkhani ya munthu akhale ndi ngongole ya tsamba limodzi lomveka, kapena uthenga wa mawu wa pa foni, m'Chixhosa, Chiafrikaans, Chishona, Chichewa. Ndipo Groote Schuur ndi Kachere Rehabilitation Centre ya ku Blantyre azidziwana, kuti Mmalawi wobwerera kwawo anyamule kalata, khushoni ndi dzina la womulandira, asamangotsitsidwa pa depoti ngati katundu.

Kwa ife tokha pempho langa ndi laling'ono. Thumba la maliro likhale ndi mng'ono wake, thumba la amoyo. Pa gulu lililonse la Amalawi papezeke anthu awiri odziwa kutembenuza wodwala, kuyang'ana khungu lake m'mawa ndi madzulo, ndi kuzindikira kuti mkodzo wonunkha ndi kutentha thupi ndi ulendo wa kuchipatala lero lomwe. Munthu akagwa padenga kapena kugundidwa n'kunena kuti sakumva miyendo, tisamunyamule ngati thumba la chimanga n'kumupinda m'galimoto. Mutu ndi khosi zisagwedezeke, tiitane ambulansi, ndipo tikafika tinene nthawi yeniyeni imene wavulala, tikumbutse kuti maola akutha.

Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Aliyense wa ife amene akuyenda lero wangotsala ndi makwerero amodzi oterera, dalaivala mmodzi woledzera, chipolopolo chimodzi chosokera. Tsiku limenelo simudzafunsa za Lausanne. Mudzafuna kudziwa ngati ambulansi ifike maola anayi asanathe, ndiponso ngati pa 2 koloko usiku padzapezeke munthu wodziwa chifukwa chake ayenera kudzuka n'kukutembenuzani. Sayansi imene ingayankhe mafunso awiriwa ndi imene ndikuitanitsa. Kuyenda tidzakambirana ndi amene adzakhale ali moyo.